Alamu Anga, Mkulu wa Magazini

Fakitale ya nsalu itatseka, ine ndinali mmodzi mwa amuna a ku Kafue amene anayamba kudzuka m'mawa popanda kopita. Ntchito yanga kumeneko inali yojambula maluwa, mbalame ndi timizere ta pa zitenje. Ndinkaidziwa bwino, koma ndani akanafuna maluwa m'tauni imene anthu anali kugulitsa mipando ya m'nyumba kuti agule unga? Ndinayamba kulemba zikwangwani. M'Nangongwe monse, kumene tinkakhala, malo ometera, timagolosale ndi mabala zinali ndi dzanja langa: nkhuku yonenepa, botolo lotuluka thovu, mitu ya anyamata yometedwa mosiyanasiyana.

Loweruka lina masana ndili pamakwerero, kumalizitsa mitu yotere pakhoma la wometa wina, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Alamu, uyu wachiwiri ndamudziwa. Ndi kondakitala uja wa pasiteshoni, wa mano otalikirana."

Anali akulu ake a mkazi wanga. Anali ataima pafumbi ndi nsapato zawo za ku ofesi, chikwama m'khwapa, akuyang'ana khomalo ngati munthu amene akusankha mbuzi. Ndinavomera kuti analidi kondakitalayo, chifukwa ndiye amene ankakhala phee pabenchi nthawi yaitali. Iwo anangogwedeza mutu nati ndikawapeze ku Lusaka sabata yotsatira, nditenge mapensulo anga.

Alamu angawa anali munthu wamkulu pakampani ina yosindikiza magazini. Pamwamba pawo panali eni ake a kampaniyo basi. Bambo awo anachokera kummawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo banja lonse linakulira m'kanyumba ka pafupi ndi siteshoni ya sitima. Apongozi angawo ankatola manyuzipepala ndi magazini amene apaulendo ankasiya m'mabogi, n'kubwera nawo kunyumba kuti azikolezera mbaula. Mkazi wanga amasimba kuti akulu akewo ankaba mapepalawo n'kuwabisa kunsi kwa matiresi. Iwo eni anandiuza kuti nkhani zake sizimene zinkawakopa kwenikweni. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali funso lakuti, ndani amagamula kuti chithunzi ichi chikhale pachikuto, ichi chipite kumapeto? Ankafuna kudzakhala munthu ameneyo.

Anayamba ngati wotaipa makalata pakampaniyo. Kenaka anapempha kuti aziyenda m'masitolo kukopa amalonda kuti azilengeza katundu wawo m'magazini, ntchito imene panthawiyo ankati ndi ya amuna. Anayenda mpaka zidendene za nsapato kutha. Anaphunzira mitundu ya mapepala poigwira ndi zala, anaphunzira kukangana ndi oyendetsa makina osindikizira, ndiponso kudziwa wogulitsa wa pamsewu amene amabisa magazini kunsi kwa thebulo. Akuluakulu ena atapuma, panalibenso wina wodziwa ntchito yonse kuyambira polemba mpaka pogulitsa kuposa iwo. Anawapatsa mpando.

Ngakhale anakwera chotero, anakana kusamukira ku Lusaka. Ankakhala ku Kafue Estates ndi mwana wawo wamkazi, ukwati wawo utatha kalekale ine ndisanalowe m'banjamo. Kampani inawapatsa galimoto, koma masiku ambiri ankaisiya pakhomo n'kukwera minibasi. Anthu ankati ndi kuumira. Iwo ankati m'galimoto yawo munalibe wowerenga ndi mmodzi yemwe.

Ndinapita ku Lusaka kuja ndili ndi mtima woti mlamu akundichitira chifundo. Mtima umenewo unatha nditangolowa. Mu ofesi munalibe zoti alamu. Aliyense ankawatchula kuti ba Madamu, ndipo ine ndinachita chimodzimodzi. Anandiuza kuti akufuna kuyambitsa komiki, ndiye kuti kabuku ka nkhani yosimbidwa ndi zithunzi, anthu ake akulankhula m'timabaluni totuluka pakamwa. Makomiki amene ankapezeka nthawi imeneyo anali ochokera kunja, a anthu ouluka ndi ovala zophimba kumaso. Iwo ankafuna ya anthu amene amakwera nawo minibasi.

Anandipatsa nkhani yaifupi imene mlembi wawo analemba, nati ndiijambule. Ndinaikapo mtima wanga wonse. Nditabwera nayo anatsegula masamba onse mwakachetechete, kenaka anawabwezera kwa ine.

"Anthu awa sadya nshima," anatero. "Onani mphuno izi. Onani mmene mzimayi uyu waimira. Ndani amaima chonchi ali ndi beseni pamutu? Mwakopera m'mabuku akunja. Kondakitala uja wapakhoma ali kuti?"

Ndinabwerera ku Kafue mutu uli wotentha. Kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti akulu ake ndi munthu wonyada ndipo sindidzapondakonso. Iye anali kusenda mbatata. Sanakweze ndi mutu womwe.

"Ine anandibwezerapo madiresi osita bwinobwino kuti ndisitenso," anatero. "Inu mwangoyamba lero."

Mmawa mwake ndinapita kumsika. Ndinakhala pa kreti ya zakumwa pafupi ndi amayi ogulitsa nsomba, n'kuyamba kujambula. Poyamba ankandithamangitsa poganiza kuti ndine wa khonsolo. Atazolowera anayamba kundiiwala, ndipo m'pamene ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo ngakhale ndinakulira pamsika womwewo: mmene mayi amaingira ntchentche ndi nthambi osayang'ana n'komwe, mmene amamangira chitenje kawiri akafuna kukangana, mmene amasekera ndi phewa limodzi. Masamba amene ndinapita nawo ulendo wachiwiri, ba Madamu anawayang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti ndi abwino. Anangoitana mlembi nati, "Nkhani ija tiisiye. Tilembe ya mayi uyu."

Umu ndi mmene inabadwira komiki ya mayi wogulitsa nsomba. Anali mzimayi wojintcha, wa pakamwa pakuthwa, wokapikula nsomba kumtsinje mbandakucha n'kudzagulitsa m'tauni, ndipo anali ndi mwamuna wokonda mowa. Mwezi uliwonse ankakumana ndi zake: asodzi omunamiza, apolisi a khonsolo, apongozi obwera osanena, mwana wothawa sukulu.

Mkangano woyamba unali wa chilankhulo. Mlembi, mnyamata wophunzira bwino, analemba mawu a m'timabaluni m'Chinyanja cha m'mabuku. Ba Madamu anafufuta zonse ndi bolopeni yofiira. Pamene panali "Ndikufuna ndalama zanga tsopano" iwo analemba "Nifuna ndalama zanga manje manje." Mlembiyo anadandaula kuti aphunzitsi adzatidzudzula. Ndipo anatidzudzuladi. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, mkulu wolemekezeka amene anaphunzitsapo ba Madamu ali mwana, anakwera basi mpaka ku ofesi kudzawauza kuti akuononga chilankhulo cha makolo. Anamulandira mwaulemu, anamupatsa tiyi, namumvetsera mpaka anamaliza.

"Aphunzitsi," anatero, "Chinyanja chimene munatiphunzitsa ndimachikonda, ndipo m'magazini yathu yaikulu ndicho timalemba. Koma mayi uyu akachilankhula pamsika, anzake amufunsa kuti wayamba liti kuwerenga nkhani pawailesi."

Mkuluyo anachoka asanakhutire. Komabe ba Madamu anamupempha kuti azilemba tsamba la miyambi ndi matanthauzo ake kumapeto kwa komikiyo, ndipo analemba mpaka imfa yake, akudandaulabe mwezi uliwonse.

Komikiyo inayenda. Ndinkaiona m'masaluni itathothoka chikuto chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Ndinkaiona m'minibasi, munthu mmodzi akuwerenga, anthu a mpando wakumbuyo atasuzumira paphewa lake. Tikakwera limodzi ndi ba Madamu ankandigunda ndi chigongono kuti ndione pamene wowerenga waseka ndi pamene wadumpha tsamba. Tikafika ku ofesi ankafunsa mlembi chifukwa chake tsamba lakutilakuti linali lotopetsa, iye osadziwa kuti azitenga kuti. Ine ndinasiya zikwangwani. Ana athu anabwerera kusukulu yabwino.

Ba Madamu ankatigwiritsa ntchito ngati kulibe mawa. Sankakweza mawu, koma munthu akachedwetsa tsamba ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka iye mwini ayambe kudziimba mlandu. Ambiri ankawaopa kuposa kuwakonda. Koma wogulitsa wa pamsewu akamangidwa ndi a khonsolo, iwo ndi amene ankanyamuka kukamutulutsa, ndipo mayi wosesa mu ofesi atadwala anakamugoneka m'chipatala ndi galimoto ija ankaisiya pakhomo.

Nkhani imene sindidzaiwala inayamba pamene mlembi analowetsa ndewu m'komikimo. Mwamuna wa mayi wa nsomba uja anabwera ataledzera, anamumenya mpaka kutupa diso. Ine ndinajambula diso lotupalo monga ndinkawaonera ena pamsika. Mwezi wotsatira ankhoswe anakhala pansi, mwamuna anagwada, mayi uja anakhululuka n'kumuphikira. Ndi mmene nkhani zotere zinkathera m'masewero onse a pawailesi, ndipo palibe aliyense mu ofesi amene anaonapo vuto.

Lamulungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, tinapita ndi mkazi wanga kukadya kwa alamu ku Estates. Tili pakhonde tinaona gulu la amayi likulowa pageti, ena akadali m'mayunifolomu a chigwirizano. Ndinawazindikira. Anali amayi a nsomba a pamsika paja. Patsogolo panali mayi wina wamkulu, wa chipsera pachibwano, amene anzake ankamumvera pa chilichonse. M'dzanja anali atapinda komiki yathu ngati chomenyera ntchentche.

Alamu anatulutsa mipando ndi mphasa. Atapatsana moni, mayi wachipsera uja sanazungulire.

"Ba Madamu, tamvela ati ndimwe bakulu ba iyi buku. Manje tabwela kufunsa. Uyu muzimai mwamubweza kuli uja mwamuna chifukwa chani?"

Alamu anayankha kuti ndi nkhani chabe, yopeka.

"Yopeka shani? Si ise aba? Aba bambo banankala pakati pathu kutijambula." Anandiloza ndi komikiyo. "Uyu muzimai ni wanzelu. Asodzi samunama, ba khonsolo samukwanisa. Manje pa mwamuna chabe ndiye mwamupanga chipuba? Mwana wanga mukazi amabelenga iyi buku. Mufuna aphunzile chani?"

Wina kumbuyo anati mwamunayo adzamumenyanso, onse amatero akagwada. Wina anati iye anakhululuka kambirimbiri mpaka khutu lina linasiya kumva. Anayamba kulankhula onse pamodzi, ena akuseka, ena misozi ili m'maso. Sikuti onse ankagwirizana. Mayi wina wachikulire anati ukwati ndi kupirira, ndipo anzake anamuzungulira ndi mawu mpaka anakhala chete. Nshima inazizira patebulo.

Ine ndinkayembekeza kuti alamu awayankha monga anayankhira mphunzitsi uja. Sanatero. Anavula magalasi n'kuwaika pamiyendo, ndipo anangomvetsera. Pamapeto pake anafunsa funso limodzi.

"Amayi, akachoka apita kuti? Nyumba ndi ya mwamuna."

"Azapita kuli mulongosi wake ku Nangongwe," anatero mayi wachipsera mosaganizira n'komwe. "Azagona pansi na bana. Bazamuseka. Mulongosi wake azayamba kudandaula pa unga. Koma thebulo ya nsomba ni yake. Mulembe vamene ivo, osanama ati vizankala vopepuka."

Lolemba m'mawa tinakwera minibasi limodzi ndi alamu. Tinadutsa mapiri a panjira ya ku Lusaka. Kenaka, akuyang'ana pawindo, ananena motsitsa mawu kuti, "Alamu, ine ndinachoka mochedwa." Aka kanali koyamba kunditchula alamu tili pa ulendo wa kuntchito. Ndinazindikira kuti akunena za ukwati wawo uja. Mkazi wanga, nditamufunsa madzulo, anangoti pali zinthu zimene akulu ake anazitsekera, ndipo si iye wozitsegula.

Eni kampani sanakondwere. Anali amuna achikulire, anthu a tchalitchi, ndipo ankaopa kuti amalonda athawa, kuti anthu anena kuti magazini yawo ikupasula mabanja. Ine sindinali nawo m'chipinda chimene anakambiranamo, koma mawu ankamveka kukhonde. Ba Madamu atatuluka, nkhope yawo inali youma. Anauza mlembi kuti, "Achoka. Lembani." Patapita nthawi ndinamva kwa sekilitale wa eni akewo kuti ba Madamu anawauza kuti ngati mayi wa nsomba abwerera kwa mwamuna uja, apeze munthu wina wokhala pampando wawo.

Tsamba limene mayiyo akutuluka m'nyumba, mtolo pamutu, mwana kumsana, wina akumukoka chitenje, ndinalijambula mobwerezabwereza. Ba Madamu anachotsa mawu onse amene mlembi anaikapo. Anati lisakhale ndi kabaluni ngakhale kamodzi. Zimene eni ake ankaopa zina zinachitikadi. Wamalonda wina wamkulu anasiya kulengeza nafe. Abusa ena anaitchula komikiyo paguwa. Mwamuna wina ananditukwana pasiteshoni kuti ndine wolowetsa akazi mzimu woipa. Koma kope la mwezi umenewo linatha m'misewu mwamsanga kotero kuti makina anayatsidwanso, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kumsika, mayi wachipsera anandipatsa nsomba yaikulu n'kukana kuti ndilipire, kenaka anandidzudzula kuti mtolo uja ndinaujambula waung'ono kwambiri.

Zaka zabwinozo zinatha pang'onopang'ono, ndipo woyamba kuona anali ba Madamu, m'minibasi momwemo. Tsiku lina anandigunda ndi chigongono monga kale, koma ulendo uno ankandionetsa mitu yowerama pa mafoni. M'basi monse munalibe pepala ndi limodzi lomwe. Mapepala osindikizira anakwera mtengo, magetsi ankazimazima makina ali pakati pa ntchito, ndipo amalonda anasamukira kumene maso a anthu anasamukira. Iwo anamenya nkhondo. Anachepetsa masamba, anasintha pepala, anayamba kutulutsa komiki mwezi wina kudumpha wina. Anayesa kuiika pa foni, koma anthu ankangotumizirana kwaulere.

Kenaka eni ake anati anthu achotsedwe. Ba Madamu anakana kuti wina awachitire ntchito imeneyi. Aliyense ankamuitana yekha, kutseka chitseko, n'kumuuza maso ndi maso. Munthu woyamba kuitanidwa ndinali ine.

"Komiki iyima," anatero. "Titsala ndi magazini yaikulu, mwina ipulumuke. Ndikayamba ndi ena, inu n'kutsala ngakhale mwezi umodzi, anena kuti ndasunga mlamu wanga. Ndiye ndayamba ndi inu."

Ndinawafunsa ngati pali cholakwa chimene ndinachita. Anati palibe. Ndinawafunsa za mayi wa nsomba, amene tinamusiya pakati pa nkhani, atangopeza kachipinda kakekake ka lendi. Anati atsala pomwepo. Sanapepese, ndipo sanandiperekeze pakhomo. Mpaka lero ndimaona kuti akanatha kuchita mwanjira ina. Panali ntchito zina zojambula m'magazini yaikulu zimene ndikanazitha, ndipo anazipatsa munthu amene anabwera pambuyo panga. Anateteza dzina lawo, ndipo amene analipira ndi ana anga.

Mkazi wanga anakwiya kuposa ine. Anasiya kupita ku Estates. Akulu ake akaimba foni ankaiyang'ana mpaka isiye kulira. Kutchalitchi ankakhala mbali ina. Ine ndinabwerera ku zikwangwani, koma nazonso zinali zitasintha: masitolo ankafuna zosindikiza pa pulasitiki, zowala, zopangidwa pa kompyuta. Ndinkapeza ntchito apa ndi apo, makamaka kulemba mayina pa mitanda ya kumanda ndi kujambula mapu ndi ziwalo za thupi pamakoma a sukulu za mkaka.

Magazini yaikulu sinapulumuke. Ba Madamu anakhala mpaka tsiku lomaliza, anaona makina akukwezedwa pa lole, anatseka ofesi napereka makiyi. Izi ndinazimva kwa ena. Ndinamvanso kuti makampani ena anawaitana kuti akawathandize pa zolengeza malonda, koma sanakhalitse kulikonse. Ntchito imene ankaidziwa inali itatha, ndipo sanali munthu wodziwa kukhala wachiwiri kwa wina.

Amene anatibwezeretsa pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, amene tsopano ndi namwino ku Lusaka. Anabwera kwathu tsiku lina nauza mkazi wanga kuti, "Amayi ang'ono, amayi shuga yawagwira m'maso. Dzulo anathira mchere mu tiyi. Akukana kubwera kwathu, akukana wantchito. Ngati simupita inu, sindidziwa." Mkazi wanga anangolowa kuchipinda n'kutuluka atamanga chitenje.

Tinawapeza pakhonde, ataonda, magalasi okhuthala ali pamphuno. Anatizindikira ndi mawu. Mkulu ndi mng'ono wake sanakambirane za kale. Mkazi wanga anangolowa kukhitchini n'kuyamba kudandaula mokweza za mapoto osatsuka bwino, akulu ake akumuyankha ali panja kuti sanamuitane. Ine ndinakhala pampando wa pambali pawo. Patapita kanthawi anati, "Alamu, ndinakulakwirani kapena sindinakulakwireni?" Ndinati anandilakwira. Anagwedeza mutu. "Ndimaganizanso choncho masiku ena," anatero. "Masiku ena ayi." Kupepesa kwawo kunathera pamenepo, ndipo ine ndinakulandira, chifukwa ndinkawadziwa.

Kuyambira pamenepo timapitako pafupipafupi. Chaka chatha, nthawi ya mvula, anatipempha kuti titulutse makatoni a m'chipinda chosungiramo katundu, mmene anasunga kope lililonse limene anatulutsa pa moyo wawo wonse wa ntchito. Nditanyamula katoni yoyamba, pansi pake panatsala. Chiswe chinali chitalowa kuchokera pakhoma. Makatoni ambiri anali dothi lokhalokha, lokhala ndi tinjira, apa ndi apo kachidutswa ka nkhope kapena ka mawu. Mkazi wanga analira. Alamu anapempha kuti ndiwaike dothilo m'manja. Analifikisa ndi zala, nalinunkhiza.

"Pepala labwino ili," anatero. "Chiswe sichidya zachabechabe."

Makatoni a pamwamba pa shelefu anapulumuka, ndipo mwa mwayi munali makomiki ambiri a mayi wa nsomba. Ndinaganiza kuti awasunga mosamala kuposa kale. Iwo anati ayi, zakhala mumdima mokwanira. Anandituma kuti ndikawapereke kumene anthu amakhala modikira. Ena ndinakasiya kukiliniki, ena kumalo ometera, ndipo mulu waukulu ndinaupereka ku saluni ina ya ku Nangongwe, ya mtsikana amene anali asanabadwe pamene tinkayamba komikiyo.

Patapita masabata angapo ndikudutsa pasaluniyo, mtsikanayo anandithamangira, chipeso chili m'manja. Anati makasitomala ake akukanganirana mabuku aja, ena akumabwera ngakhale tsitsi lili bwino. Iye mwini anawerenga onse amene ndinamusiyira motsatana mpaka pamene mayi uja walowa m'kachipinda kake ka lendi, wayala mphasa, ana akuyang'ana denga lodontha.

"Manje ba tate, yokonkapo ili kuti? Mwamuna uja anamulondola? Thebulo anaisunga?"

Ndinamuuza kuti yotsatira kulibe, kampani inatseka. Anandiyang'ana ngati ndamubera kanthu, nabwerera kwa kasitomala wake.

Madzulo a tsikulo ndinapita ku Estates ndi mkazi wanga n'kuwafotokozera alamu. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera phokoso la ana osewera mpira mumsewu. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Kenaka anakonza magalasi awo.

"Akanamulondola," anatero. "Koma osati msanga. Choyamba mvula ikanagwetsa khoma la kachipindako. Ndiye mayi uja wachikulire, uja ankati ukwati ndi kupirira, ndi amene akanabwera ndi malata akale pa wilibala, osalankhula kanthu. Mukumuona? Mumujambule akutsitsa malatawo, nkhope atayang'ana kumbali."

Ndinati ndikumuona. Anapitiriza, tsamba ndi tsamba, akundiuza pamene payenera kukhala chithunzi chachikulu ndi pamene mawu achepe. Ndinalibe pensulo ndipo sanandiuze kuti ndikatenge. Mkazi wanga anatuluka ndi tiyi wopanda shuga, anaima pakhomo kumvetsera, kenaka anayamba kutsutsa kuti mlongo wake wa mayiyo sangakhale woipa mtima chotero. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Tinanyamuka dzuwa likulowa kuti tikapeze minibasi ya ku Nangongwe, nkhaniyo isanafike pamene mwamuna uja akugogoda pachitseko.